Kalata yothokoza ounika mapatenti a magiyabokosi

Kwa Akatswiri Ounika Mapatenti,
European Patent Office,
Munich ndi The Hague.

Olemekezeka akuluakulu,

Wolemba kalata ino ndine makaniko wa ku Malawi, amene ndimaphunzitsanso anyamata ndi atsikana ntchito yokonza magalimoto. Dzina langa simungalipeze m'mafayilo anu, chifukwa sindinapemphepo patenti. Komabe thukuta lanu ndakhala ndikulidya kwa nthawi yaitali, ndipo kwathu kuno munthu wongopukuta pakamwa osanena zikomo timati alibe mwambo. Ndiye ndati ndithokoze poyera kuti ena amve nawo.

Kuthokozaku kukupita makamaka kwa inu amene mumaunika mapempho okhudza njira zosinthira magiya. M'kagawidwe ka mapatenti kochokera m'pangano la ku Strasbourg la 1971, nkhani za magiya zili m'gulu la F16H. M'menemo muli timagulu titatu timene ndimatsegula kawirikawiri. Mu F16H 59 muli zimene kompyuta ya giyabokosi imauzidwa, monga liwiro la galimoto ndi mmene dalaivala wapondera moto. Mu F16H 61 muli mmene imasankhira giya ndi nthawi yosinthira. Mu F16H 63 muli mmene lamulo lake limafikira ku zitsulo. Anthu amayendetsa magalimoto tsiku ndi tsiku osadziwa kuti kuli ena amene ntchito yawo ndi kuwerenga zimenezi mzere ndi mzere, n'kumafunsa ngati zili zatsopano ndiponso ngati zafotokozedwa mokwanira.

Mwina mukudabwa kuti makaniko wa kutali chonchi ali nanu chiyani. Magalimoto ambiri oyenda m'misewu yathu ndi akale ochokera ku Japan, amene amatsikira pa madoko monga Dar es Salaam, Beira ndi Durban, ndipo ochuluka ndi otomatiki. Amafika opanda buku la kakonzedwe. Ngakhale bukulo litapezeka, limangouza makaniko chipangizo choti achotse ndi choti aikepo. Silimuuza chifukwa chake giya yachitatu ikuchedwa kulowa oyilo akatentha. Tikalumikiza makina ounikira amatipatsa nambala ya vuto, koma nambala payokha siphunzitsa munthu. Maganizo amene ali m'kati mwa kompyuta ya giyabokosi ndinakawapeza m'zikalata za mapatenti, ndipo zikalatazo zimamveka chifukwa zinadutsa m'manja mwanu kapena mwa anzanu a m'maofesi ena.

Patenti ndi pangano la mbali ziwiri. Wopeza luso latsopano amauza dziko lonse mmene lusolo limagwirira ntchito, ndipo iye amapatsidwa mphamvu yoletsa ena kulipanga kapena kuligulitsa kwa zaka zosapitirira 20 kuchokera tsiku limene anapereka pempho. Pakatha miyezi 18 pempholo limasindikizidwa, ngakhale lisanavomerezedwe. Pokambirana panganoli, kampani imabwera ndi maloya ndi mainjiniya ake, ndipo imafuna kutenga zambiri pamene ikuulula zochepa. Sindikuinena, ndi mmene malonda amayendera. Koma mbali inayo kuli makaniko, wophunzira, kampani yaing'ono yopanga zipangizo ndi munthu wogula galimoto, ndipo onsewa pa zokambiranazo sakhalapo. Amene amawaimira ndinu.

Choyamba ndikuthokoza chifukwa mumaumirira kuti wopempha afotokoze. Gawo 83 la pangano lanu la mapatenti a ku Ulaya la 1973 limafuna kuti luso liululidwe momveka ndi mokwanira moti munthu wodziwa ntchitoyo atha kulipanga. Gawo 84 limafuna kuti mfundo zimene wopempha akuti ndi zake zikhale zomveka ndiponso zochokera m'zimene wafotokoza. Mukagwiritsitsa magawo awiriwa, chikalata chimene chikanangokhala mawu a maloya chimasanduka phunziro.

Ndinene zimene ndaphunzira mmenemo, muone kuti khama lanu silinapite pachabe. Kompyuta ya giyabokosi imasunga mapu a mizere, ndipo pa mapuwo liwiro la galimoto limakumana ndi kapondedwe ka moto. Galimoto ikadutsa mzere wina, giya imakwera, ikadutsa wina imatsika. Mizere iwiriyo saiika pamodzi. Amasiya mpata pakati pake mwadala, chifukwa ikanagundana giyabokosi ikanamangokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, galimoto ikamayenda pa liwiro la pamalirepo. Amene anakwerapo zitunda za Chiweta pa galimoto yodzaza katundu amadziwa kusakhazikika kumeneku, ndipo mapatenti ambiri amalimbana ndi vuto lomweli.

Kusintha kwenikweniko kumachitika m'kanthawi kochepa, koma kuli ndi magawo ake. Kilatchi imene ikulowa imayamba yadzazidwa oyilo mpaka mbale zake zitangokhudzana. Kenako pulesha imakwera mwa iyo pamene ikutsika mwa kilatchi imene ikutuluka, kuti katundu achoke kwa ina kupita kwa inzake. Pomaliza, giya ikamakwera, injini imayenera kutsika liwiro kuti igwirizane ndi giya yatsopano. Pa nthawi imeneyi kompyuta ya giyabokosi imapempha kompyuta ya injini kuti ichepetse mphamvu pang'ono, kawirikawiri pochedwetsa moto wa mapulagi, kuti mbale zisapse komanso okwera asagwedezeke. Kilatchi yotuluka ikataya msanga, injini imalira mopanda katundu giya isanagwire. Ikachedwa kutaya, makilatchi awiri amakokana ndipo galimoto imagunda ngati wina waponda buleki. Mbale zikamatha, kompyuta imayeza nthawi imene kusintha kulikonse kwatenga n'kukonza pulesha ya ulendo wotsatira. Ikaona kuti sensa ina ikunama, imasiya zonsezi n'kukakamira giya imodzi kuti galimoto ingofika ku galaja.

Makaniko wodziwa zimenezi safulumira kutsitsa giyabokosi. Amayamba wayang'ana oyilo, masensa a liwiro, mawaya ndi ma solenoid. Akasintha mbale amakumbukira kufufuta zimene kompyuta inazolowera pa mbale zakutha zija, kuti iyambirenso kuphunzira. Mwini galimoto amapulumutsa ndalama zimene akanagulira giyabokosi ina, pamene vuto linali kachipangizo kokwana m'dzanja. Ameneyo sakudziwani, choncho ndikuthokoza m'malo mwake.

Chachiwiri, ndipo chachikulu, ndikuthokoza chifukwa cha ayi wanu. Nzeru yoti giya isinthe poyerekeza liwiro ndi kapondedwe ka moto si ya dzulo. Hydra-Matic ya General Motors, imene inatuluka mu 1939 pa magalimoto a Oldsmobile a chaka cha 1940, inkachita zimenezi popanda kompyuta. Kachipangizo kotchedwa gavana kankakweza pulesha ya oyilo malinga ndi liwiro, valavu ina inkatsatira phazi la dalaivala, ndipo mapulesha awiriwa ankakankhana pa mavalavu osinthira giya. Amene anatsogolera ntchitoyo ndi Earl Thompson, yemwenso anapeza synchromesh imene Cadillac inayamba kugwiritsa ntchito mu 1928. Makompyuta atalowa m'magiyabokosi m'zaka za m'ma 1980, panatseguka mpata woti munthu atenge nzeru yakale ya mavalavu, aiveke mawu a zamagetsi, n'kunena kuti wapeza chatsopano. Pakhomo pamenepo ndi pamene mumaima.

Ndawerenga mmene mumachitira. Mumayamba ndi kafukufuku, ndipo chikalata chilichonse chakale chimene mwapeza mumachiika chizindikiro. X ndi chimene pachokha chikugwetsa pempho, Y ndi chimene chikuligwetsa chikaphatikizidwa ndi china, A ndi chongosonyeza pamene luso linafika. Kenako mumalembera wopempha, zikalatazo mukuzitchula D1, D2, D3, ndi kumusonyeza ndime ndi chithunzi pamene mfundo yake inanenedwa kale.

Tinene kuti kampani yapempha umwini wa njira yoletsa giya kukwera galimoto ikakhala pa chitunda. Inu mukutulutsa D1, chikalata cha zaka zambiri zapitazo, chonena zomwezo. Kampani ija ikubwerera m'mbuyo n'kunena kuti chatsopano chake ndi mmene kompyuta imadziwira kuti pali chitunda: imayerekeza mmene galimoto ikanathamangira pamalo athyathyathya ndi mphamvu imene injini ikupereka, ndi mmene ikuthamangiradi. Inu mukutulutsa D2, momwe kuyerekeza kumeneku kuli kale. Ikapanda kusonyeza china chenicheni, pempho lagwa. Ikasonyeza, imatenga kachigawo kokhako kamene yawonjezera. Ndipo Gawo 123 siliilola kulowetsa nzeru imene sinali m'pempho pa tsiku loyamba, ngakhale itaiganiza bwino chotani pambuyo pake. Ntchito yanu pamenepa imandikumbutsa akuluakulu oyenda m'malire a munda pa mlandu wa malo. Salanda munthu pamene walima yekha, koma akapeza kuti wasuntha chikhomo mpaka kutsekera njira ya ku chitsime, amachibwezera pamalo pake.

Chimene chimandipatsa ulemu ndi chakuti simukana mwachisawawa. Poyeza ngati luso lili ndi nzeru yoposa yodziwikiratu, malinga ndi Gawo 56, mumatenga chikalata chakale choyandikira kwambiri, n'kupeza kusiyana kwake ndi pempho latsopano, n'kufunsa vuto limene kusiyanako kukuthetsa. Mukatero mumafunsa ngati katswiri wamba wa magiyabokosi, atapatsidwa vutolo pa nthawi imeneyo, akanafikadi pa yankho limenelo. Kungonena kuti zinali zotheka kufikapo sikukwanira kukanira pempho. Chinthu chilichonse chimaoneka chapafupi munthu akachiona chitapangidwa kale, ndipo inu mumadziletsa kuweruza motero. Mwa njira imeneyi mumateteza ife kwa olanda, ndiponso mumateteza injiniya amene watuluka thukuta lenileni. Chimodzimodzinso pa nkhani ya mapulogalamu. Pangano lanu silipereka patenti pa pulogalamu ya kompyuta payokha, koma njira yoyendetsera makilatchi mumailandira chifukwa zotsatira zake zimaoneka pa zitsulo, pa oyilo ndi pa mafuta amene galimoto ikumwa.

Mbiri ya magalimoto ili ndi umboni wa zimene zimachitika malire akapanda kuikidwa bwino. George Selden, loya wa mapatenti wa ku Rochester m'dziko la America, anapereka pempho lake la galimoto yoyendera petulo mu 1879, n'kumalisinthasintha mpaka linavomerezedwa mu 1895. Iye sankagulitsa magalimoto pa nthawiyo, koma makampani ambiri ankalipira pa galimoto iliyonse imene apanga poopa milandu. Henry Ford anakana, anazengedwa mlandu mu 1903, anagonja mu 1909, ndipo anadzapambana pa apilo mu January 1911, khoti litanena kuti patentiyo inkangokhudza mtundu wa injini umene opanga magalimoto sankagwiritsa ntchito. Zaka zonsezo ndalama zinkachoka m'matumba a ogula.

Mlandu wina ndi wa KSR ndi Teleflex, umene Khoti Lalikulu la America linagamula mu 2007. Unkakhudza mfundo ya m'patenti ya chopondera moto chimene dalaivala atha kuchisuntha malinga ndi msinkhu wake, chokhala ndi sensa ya magetsi. Khoti linapeza kuti kuphatikiza ziwirizi kunali kodziwikiratu, ndipo patenti yakale ya Asano, imene inathandiza kugwetsa mfundoyo, sinali pamaso pa wounika pamene ankavomereza. Chikalata chimodzi chosapezeka chinabala mlandu wofika ku khoti lomaliza. Ndikamaganiza za maola amene mumakhala mukufufuza m'zikalata za Chijeremani, Chifalansa, Chijapani, Chikoreya ndi Chitchaina, ndimadziwa kuti mukuzimitsa milandu yotere isanayake.

Chachitatu ndikuthokoza chifukwa mumagwira ntchito poyera. Chigamulo sichikhala cha munthu mmodzi: pempho lililonse limakhala m'manja mwa ounika atatu, ngakhale kuti mmodzi ndi amene amaliyendetsa. Pempho likasindikizidwa, makalata anu ndi mayankho a wopempha amaikidwa m'kaundula wa pa intaneti, ndipo aliyense atha kuwawerenga kwaulere. Gawo 115 limalola munthu wina aliyense, ngakhale wosakhudzidwa, kukulemberani kuti luso limene mukuunika linalipo kale. Patenti ikaperekedwa pamakhala miyezi 9 yoti aliyense aitsutse, ndipo wosakhutira ndi chigamulo atha kuchita apilo. Anthu ambiri a maudindo safuna kuti zolemba zawo zionedwe ndi amene angawatsutse. Inu mumalemba mukudziwa kuti loya wa kampani yopikisana nayo, woweruza wa apilo ndi makaniko wa ku Africa onse adzawerenga.

Kuwonjezera apo, ofesi yanu inatsegula Espacenet pa intaneti mu 1998, ndipo lero muli zikalata zoposa 100 miliyoni zochokera m'mayiko ambiri, kuphatikizapo za makampani a ku Japan monga Aisin ndi Jatco, amene magiyabokosi awo ndi amene timawamasula kawirikawiri. Ophunzira anga ndimawapatsa ntchito yotere: atenge pempho mmene linasindikizidwira poyamba, lokhala ndi chilembo A, aliyerekeze ndi patenti yovomerezedwa, yokhala ndi chilembo B. Mfundo yoyamba ya mu B kawirikawiri imakhala yaitali kuposa ya mu A, ndipo mawu owonjezekawo ndi amene amasonyeza pamene pali luso lenileni. Zimene zachotsedwa pakati pa ziwirizo nthawi zambiri ndi nzeru imene inali ya aliyense kale. Wophunzira akachita zimenezi kangapo amayamba kusiyanitsa chatsopano ndi chongopakidwa utoto, ndipo luso limenelo limamuthandiza ngakhale pamene wogulitsa zipangizo akumunyengerera.

Ndikudziwa kuti patenti ya ku Ulaya ilibe mphamvu kuno. Patenti imagwira ntchito m'mayiko okhawo amene yaperekedwera, ndipo wofuna chitetezo ku Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe amapita ku ofesi ya dzikolo kapena ku ARIPO ku Harare, bungwe lobadwa m'pangano la ku Lusaka la 1976, limene limalandira mapempho motsatira Harare Protocol ya 1982. Choncho kwa ife zolemba zanu si mpanda ayi, ndi laibulale. Ndipo ngakhale kwanuko mpanda umagwa zaka 20 zikakwana. Injiniya wa ku France, Pierre Lepelletier, anapeza njira yolumikizira magulu awiri a magiya ozungulirana kuti apereke magiya 6 opita kutsogolo pogwiritsa ntchito makilatchi atatu ndi mabuleki awiri okha. Kampani ya ZF ya ku Friedrichshafen inamanga giyabokosi yake ya 6HP pa nzeru imeneyi, ndipo inatuluka mu 2001 pa BMW 7 Series. Patenti ya Lepelletier inatha kalekale, koma zithunzi ndi mafotokozedwe ake zilipobe, ndipo mwana wa sukulu ya ntchito zamanja atha kuziwerenga pa foni. Umu ndi mmene pangano la mbali ziwiri lija liyenera kuthera: mwini luso wadyapo zake, nzeru yatsala kwa onse.

Akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndiloleni ndiwonjezere pempho pa kuthokozaku. Mapempho ena a masiku ano amalembedwa mochenjera moti munthu amafika kumapeto osagwira kanthu. Amati kompyuta idzasintha giya chiwerengero china chikaposa malire oikidwiratu, osanena kuti malirewo amapezeka bwanji kapena amadalira chiyani. Ena amangotchula zotsatira zimene akufuna, monga kusintha kosagwedeza, ngati kuti kutchula cholinga ndiye kuulula njira. Ndikumvetsa kuti lamulo silikakamiza kampani kupereka pulogalamu yake kapena manambala onse amene inaika m'kompyuta. Koma pamene nzeru yonse yagona pa malire amenewo, kusawafotokoza ndi kulandira zaka 20 popanda kulipira. Magiyabokosi a makilatchi awiri, monga DSG imene Volkswagen inatulutsa mu 2003, magiyabokosi a CVT ndi magalimoto ophatikiza injini ndi mota ya magetsi asamutsira luso lambiri kuchoka m'zitsulo kupita m'mapulogalamu. Chitsulo makaniko atha kuchimasula n'kuchiona ndi maso. Pulogalamu sangaione, ndipo chikalata cha patenti chikapanda kumuuza, palibenso wina womuuza.

Ndikudziwanso kuti mapempho ndi ambiri, ndipo kulemba kalata yokana yokhala ndi zifukwa zokwanira kumadya nthawi kuposa kungovomereza. Wopempha akapatsidwa patenti amasangalala ndipo amadziwa womuthokoza. Anthu amene mwawateteza pokana sadziwa n'komwe kuti panali choopsa, choncho sabwera kudzagwira chanza. Chonde musatope nazo. Pempho likakhala losamveka, libwezeni kuti alimveketse. Likakhala lakale, likaneni. Likakhala latsopano ndi lofotokozedwa bwino, liperekeni mosazengereza, chifukwa mwini wake wakwaniritsa mbali yake ya pangano.

Kwa amakaniko anzanga ndi aphunzitsi a ntchito zamanja amene muwerenge kalatayi, zikalata zimenezi ndi zaulere ndipo zili ndi zithunzi zosonyeza ndondomeko yonse ya kasinthidwe ka giya. Lembani F16H 61 mu Espacenet pamodzi ndi dzina la kampani imene inapanga giyabokosi ili pa benchi panu, muyambe ndi zithunzizo, ndipo muwerenge limodzi ndi ana amene mukuwaphunzitsa.



Ine wanu,
Makaniko ndi mphunzitsi wa zokonza magalimoto,
Malawi.